Zi Liborio ndi Golide Wawo Wosapsa

Aliyense amene anagonako m'tauni mwathu akudziwa kuti Zi Liborio sankatha kudutsa chinthu osachipukuta. M'thumba lakumanja la jekete lawo munkakhala kansanza, lakumanzere mwala wa sulufule waukulu ngati dzira la tsekwe. Mukakumana pamsewu moni unkabwera pambuyo. Maso awo ankayamba ayendera batani, lamba, mphete, ndipo usanayankhule kanthu kansanza kanali katafika kale pamimba pako. Tonse tinkawatcha Zi, ngati amalume athu enieni, ngakhale amene anali akulu kuposa iwo. Anamwalira m'nyengo yozizira yapitayi. Ine Alfonsa ndakhala khomo loyang'anizana ndi lawo chikwatiwireni, choncho zambiri ndinaziona ndili pawindo, manja ali m'beseni.

Iwo ankati zinthu zonse zili mitundu iwiri, zoyankha ndi zosayankha. Mkuwa, siliva, chitsulo cha khasu, zimenezo n'zoyankha, chifukwa ukazisisita zimakubwezera nkhope yako. Makala, buledi, choko, dothi, n'zosayankha. Mpaka apa palibe ankatsutsa. Vuto linali pa sulufule. Kuno ku Sicily, kudera lathu la migodi, ngakhale mwana woyamwa amadziwa kuti sulufule sayankha. Amuna athu amamukumba, amamusungunula m'ng'anjo, ife timamupuma ndi kumuchapa m'malaya, koma palibe anaonapo nkhope yake pa iye. Akati wawala kwambiri ndiye ngati sera. Zi Liborio okha ndi amene ankati sulufule ndi golide wosapsa.

"Mtundu ndi womwewo, si choncho?" ankatero pabwalo, amuna atawazungulira. "Changotsala n'kuwala basi."

"Nanga kulemera, Zi? Golide amalemera."

"Kumabwera ndi msinkhu. Akazi ako ankalemera chonchi tsiku la ukwati?"

Ankaufumbata mwalawo mpaka ufunde, kenako n'kukuikira pakhutu. Unkamvekadi, the, the-the, ngati nkhuni zikuyamba kugwira moto. "Wamva? Akudziwongola. Watsala pang'ono kudzuka." Dokotala anawauza tsiku lina kuti mwalawo ukungong'aluka chifukwa kunja kwafunda pamene m'kati mudakali mozizira. Iwo anati, "Anthu ambiri ali choncho, adokotala, koma timawapatsabe moni."

Miyala yambiri inawaphwanyikira m'manja, popeza sulufule sachedwa kunyenyeka. Zikatero ankakhala pakhomo tsiku lonse ngati pali maliro, m'mawa n'kukatola wina kumgodi, n'kunena kuti ndi mwana wa malemu aja. Koma panali umodzi umene unakhala nawo zaka zambiri mpaka unasalala ngati sopo. Anautcha Vanni. Anthu ankafunsa za Vanni monga mmene umafunsira za mwana wa mnzako: wagona bwanji, akudya, wayamba kuwala? Iwo ankayankha mosaseka.

Chimene sanachipukute m'tauni muno sindikuchidziwa. Zogwirira zitseko, sikelo ya wogulitsa nyemba, mpopi wa pabwalo, belu la tchalitchi, nyali zamkuwa za amuna a mumgodi. Masana ena anapeza wometa tsitsi akusinza pampando panja, dazi lili padzuwa. Analisisita pang'onopang'ono mpaka linati ng'ani, kenako anaitana anthu. "Bwerani muone! M'mutu umu muli chitsulo. Ndinkakayikira kale."

Anthu ankaseka n'kumapita kwawo. Amene sankaseka anali mlongo wawo, Gna Venera (Gna ndi mmene timaitanira amayi kuno). Ndiwo ankachapa nsanza zonsezo, zakuda ndi mafuta, ndi kuziyanika kuseri kuti anthu asaone kuchuluka kwake. Ndiwo ankasoka matumba atsopano m'jekete, ankaphika, ankawameta, ankapita kukapepesa kwa wometa tsitsi. Amuna awo anafera m'moto waukulu wa mumgodi ine ndili wakhanda. Sulufule akayaka lawi lake ndi laling'ono, la buluu, koma utsi wake sukhululuka. Zi Liborio anali m'gulu lomwelo, ndipo anatuluka amoyo, atafumbata mwala wachikasu. Chiyambire tsiku limenelo Gna Venera anakhala ndi ana awiri, wawo wobereka ndi mchimwene wawo.

Munthu mmodzi yekha ankadana nawo, Don Onofrio, kapitawo wamkulu wa mgodi, amenenso ankatsogolera bungwe la chikondwerero cha Barbara Woyera. Anali ndi wotchi yam'thumba imene ankati ndi ya golide wa ku Palermo, ndipo ankaitulutsa ngakhale usanafunse nthawi. Pa ukwati wina anaisiya patebulo akuvina. Pobwerera anapeza Zi Liborio akuikwecha ndi mtima wonse, golide yense atasamukira pa kansanza, wotchi ili mbuu ngati chitini cha nsomba.

"Musadandaule, Don Onofrio," anatero, anthu onse akumva. "Chitini nachonso chimayankha."

Don Onofrio sanakuwe. Anaitana Gna Venera pambali, koma ine ndinali pafupi, ndikutola mbale. Anati, "Kamodzi kokha, mayi. Akadzangolakwanso kamodzi kokha, ndidzaitana dokotala ndi apolisi, akamutsekere kuchipatala cha amisala kumzinda." Tonse tinkadziwa anthu amene anapita kumeneko. Wobwerako sitinkamudziwa.

Tsopano ndinene za chisoti. Chifanizo cha Barbara Woyera, mtetezi wa anthu a mumgodi, chili ndi chisoti chasiliva chokhala ndi nsonga ngati kuwala kwa dzuwa. Siliva wake anachokera kwa akazi amasiye a moto uja, amene anavula ndolo ndi mphete zawo kuti zisungunulidwe. Ndolo za Gna Venera zili momwemo. Utsi wa ng'anjo umadetsa siliva, ndiye chisoticho sichinkakhala m'tchalitchi. Chikondwerero chikatha, akazi tinkachipukuta, kuchikulunga m'nsalu zofewa, n'kuchikhomera m'bokosi, ndipo bokosilo linkakhala kwa Gna Venera, kumtunda kumene utsi sufika. Kiyi ankakhala m'khosi mwawo. Amuna athu ankakhulupirira kuti chaka chimene chisoti chidzayende mu mdipiti chisakuwala, mgodi udzadya anthu. Mungaseke, koma inu simunamvepo belu la kumgodi likulira masana.

Chaka chimene amuna ambiri anayamba kupita ku Belgium, Vanni anasowa. Thumba lakumanzere linali pepuu.

"Vanni ali kuti, Zi?"

"Wapita kusukulu."

"Sukulu yanji?"

"Yogonera konko. Mphunzitsi wake ndi wapamwamba. Akadzabwera simudzamuyang'ana ndi maso awiri."

Tinaseka chaka chonse. Palibe anafunsa kawiri.

Chikondwerero chinali Lamlungu. Lachisanu m'mawa tinanyamula bokosi kupita nalo kuchipinda cha kuseri kwa guwa, monga mwa masiku onse, akazi anayi ndi mandimu ndi phulusa losefa. Bambo Cataldo, wansembe wathu, analipo, ndi Don Onofrio, ndi amuna angapo a m'bungwe amene ntchito yawo inali kuonerera. Zaka zonse chisoti chinkatuluka chitangofiirira pang'ono, ntchito yongotha usanamve njala. Gna Venera anatsegula, anafunyulula nsalu yoyamba, yachiwiri, n'kuima.

Chinali bii ngati kunsi kwa mphika. Maluwa ake osemedwa anali atakwiririka, nsonga zonse zakuda, popanda ndi pamodzi pomwe powala.

 Don Onofrio anachinyamula, anachiyeza m'manja, analavulira pa mpango wake n'kusisita. Mpango unada, chisoti osasintha.

"Utsi umenewo," anatero Bambo Cataldo ndi mawu aang'ono.

"Utsi ulowe m'bokosi lokhoma, Bambo? Kumtunda kuja? M'nsalu ziwiri?" Anachiika patebulo. "Uwu ndi mtovu. Kulemera n'kofanana ndi siliva, wosula aliyense wapamsewu angauumbe. Chathu chinagulitsidwa."

Mayi wina anati titayesa kaye ndi phulusa. Don Onofrio anatambasula mkono. "Asachikhudze munthu. Mkulu wa apolisi ali ku Caltanissetta, abwera mawa m'mawa. Achipeze mmene chililimu." Kenako anatembenuka pang'onopang'ono. "Gna Venera, mwana wanu uja anapita ku Belgium ndi sutikesi yatsopano, eti? Ndi nsapato zatsopano."

Ine ndinkayang'ana manja a Gna Venera, chifukwa nkhope yawo sindikanatha. Ankapinda nsalu ija. Pamphindiro pake panali kanthu kachikasu, kochepa ngati njere ya tirigu. Anakadinda ndi chala, anakweza dzanja ngati akupukuta mlomo, n'kukameza.

"Kiyi anali ndi ine," anatero. 

Pofika masana tauni yonse inali itamva. Kophikira buledi akazi anasiya kuyankhula Gna Venera atalowa, ndipo thireyi yawo inabwezedwa yosaphika, ati uvuni wadzaza. Amuna anasonkhana pabwalo n'kugwirizana kuti Lolemba salowa mumgodi. Mayi wina wamasiye, amene mphete yake inali m'chisotimo, anakaima pakhomo pa Gna Venera akungoyang'ana, mpaka mwana wake anadzamutenga.

Dzuwa litapendeka ndinawoloka msewu. Ndinapeza Gna Venera akusita malaya a mchimwene wawo, onse amene anali nawo, n'kumawasanja.

"Gna Venera, ine ndinaona."

"Sunaone kanthu."

"Kiyi uja mumawapatsa Zi Liborio kuti apukute."

"Tseka chitseko." Ndinatseka. Anaika simbi pansi. "Mvera, Fonsa. Kundende kuli akazi ngati ine. Ndikasoka, ndikachapa, tsiku lina ndidzatuluka. Kumene akufuna kumutumiza iyeyu amamangirira anthu pabedi ndi malamba. Adzamulanda kansanza. Ukuganiza angakhale moyo nthawi yaitali bwanji wopanda kansanza?"

"Koma akachikwecha aona kuti ndi siliva."

"Akaona kuti ndi siliva afunsa chimene chinachidetsa. Ukuganiza Onofrio ndi wopusa? Bola ndikhale wakuba." Anatenganso simbi. "Udzimupatsa chakudya chamasana. Nyemba usathire mchere wambiri. Ndipo ukatsegula pakamwa pako mawa, usadzapondenso pano."

Potuluka ndinawaona Zi Liborio atakhala pa mwala kuseri, manja ali pamawondo, opanda kanthu. Sindinawaonepo manja amenewo atakhala chete. Thumba lakumanzere linali litatupanso.

"Fonsa, mwana wanga. Munthu akaba siliva amamumanga nthawi yaitali?"

"Yaitali, Zi."

"Nanga aziphika ndani?"

Ndinafuna kuwamenya ndi beseni. Koma anapitiriza, maso ali pansi. "Venera amaopa mdima. Palibe amadziwa. Chichitikireni moto uja amagona nyali ikuyaka. Kundende amalola nyali?"

 Ndinabwerera kwathu, ndinaphika, amuna anga anadya. Mbale ina ndinaitsuka kawiri.

Loweruka m'mawa chipinda chija chinadzaza, ena ali pakhomo, ena pamawindo. Mkulu wa apolisi, a Tessari, anali munthu wa kumpoto, wamtali, wosapupuluma, wa mabatani amkuwa kuyambira pakhosi mpaka palamba. Anakhala pampando, chisoti chakuda chili patsogolo pake. Gna Venera anaimirira atavala shawelo yakuda, kathumba ka zovala kali pambali pa mwendo.

"Mayi, bokosi limakhala kwanu?"

"Kwathu."

"Kiyi?"

"Ndi ine."

"Palibe wina anamugwirako chaka chino? Ganizani bwino."

Maso a anthu ambiri anali ataona yankho, chifukwa ndani sanawaonepo Zi Liborio akupukuta kiyi ameneyo pakhonde? Koma kupukuta kwawo tinali titakuzolowera ngati kulira kwa tambala, ndipo palibe anakulumikiza ndi bokosi.  Gna Venera anandiyang'ana kamodzi.

"Palibe," anatero.

A Tessari anapuma mozama n'kuyamba kudzuka. Pamenepo kukhomo kunamveka phokoso, anthu akupatuka. Zi Liborio analowa atavala suti ya maliro, tsitsi atapesa ndi madzi, nawonso atanyamula kathumba ka zovala. Sanapereke moni, sanayang'ane batani la munthu. Anafika patebulo, anatulutsa Vanni, anamuika pafupi ndi chisoti, n'kumuloza chala.

"Chitsiru iwe!"

"Libò, pita kunyumba," anatero Gna Venera.

"Chaka chathunthu! Ndakupezera mphunzitsi woposa onse m'chigawo chino, wa siliva weniweni. Ndakugoneka naye m'nsalu imodzi, monga timagonekera mapeyala aawisi pamodzi ndi akupsa. Ndimati uone mmene anzako amawalira, utengereko. Ndiye iwe m'malo mophunzira wamudetsa mphunzitsi?"

"Libò, ndati khala chete!"

"Ndinakutenga Lachinayi, ndinakuyang'ana padzuwa, ndi chimodzimodzi mmene unapitira. Mbuli! Ndipo tsopano akumanga mlongo wanga chifukwa cha iwe, iwe uli phee ngati sukudziwa kanthu."

Wina pawindo anayamba kuseka koma anadzigwira pakamwa. Amuna a mumgodi anayang'anizana. Aliyense wa iwo anali ataonapo chimene chimachitika ndalama yasiliva ikagona m'thumba limodzi ndi nyenyeswa za sulufule. Za utsi tinaziganiza tonse. Zoti munthu angatsekere mwalawo m'bokosi ndi manja ake, mwachikondi, palibe anaziganiza.

"Nkhani za wamisala," anatero Don Onofrio. "Amuphunzitsa kuti apulumutse mlongo wake."

 Zi Liborio ankayang'anabe mwala. Mawu awo anatsika. "Mwina kuwala wakubisa m'kati. Ndakhala ndikuganiza choncho. Tione." Anatenga choikapo kandulo chamkuwa, anachikweza ndi manja awiri, ndipo tisanadziwe chimene akuchita, phwaa! Vanni anamwazika patebulo lonse. Anafufuza zidutswazo ndi chala, chimodzichimodzi, anafikisa china pakati pa zala mpaka chinasanduka ufa.

"Kunja chikasu, m'kati chikasu," anatero. "Mulibe." Anapukuta chala pa suti. "Tsopano funsani mphunzitsi."

A Tessari anakankhira chisoti kwa Gna Venera. Iwo anaima kanthawi, chifukwa ankadziwa kuti chikawala mchimwene wawo wapita. Kenako anatenga phulusa lathu, limene linali pakona chigonere dzulo, anafinyirapo ndimu, n'kuyamba kusisita m'kati mwa mkombero ndi chala chachikulu. Anasisita. Phulusa linada, anatenga lina. Don Onofrio anayamba kumwetulira. Anasisitabe, thukuta likutsika m'khosi, mpaka ndinayamba kuganiza kuti mwina ndi mtovudi. Kenako pansi pa chalacho panaoneka kadontho koyera. Kanakula ngati chikhadabo, n'kugwira kuwala kwa pawindo, kuti waliwali padenga.

A Tessari anawerama. "Ndikuona diso langa," anatero. "Palibe chabedwa pano."

Anthu anapuma onse pamodzi. Koma Don Onofrio anali atafika kale pamene ankafuna. "Chabwino. Ndiye mwamva nokha. Munthu uyu wadetsa chinthu choyera, waika miyoyo ya amuna onsewa pangozi. Ndinachenjeza. Katengeni dokotala, galimoto ya kumgodi ilipo."

Zi Liborio anatola kathumba kawo. "Ndalongedza kale," anatero. "Venera, kansanza ndasiya pa msomali. Akuti salola."

Gna Venera anali adakali ndi phulusa m'manja. Anayang'ana chisoti, chakuda chonse kupatula kadontho kaja. Anapukuta zala pa epuloni, anakoka mpando, anakhala pansi, n'kupinda manja.

"Mukuchita chiyani, mayi?" anafunsa Bambo Cataldo. "Mdipiti ndi mawa."

"Ndatopa, Bambo. Ndapukuta chisoti ichi chiumbidwireni. Akapita iyeyu, apukute ena."

Mayi wamasiye uja, amene dzulo anaima pakhomo pawo, ndiye anayamba kukhala pambali pawo. Kenako wina. Nanenso ndinaika mandimu pansi. Akazi amene anali pakhomo anabisa manja m'mashawelo.

"Ntchito yake iti?" anatero Don Onofrio. "Kusisita? Amuna inu, bwerani."

Anabwera, amuna a manja ngati makasu, amene anyamula chifanizo zaka zonse osadziwa kuti chisoti chimawala bwanji. Wina anafunsa ngati ndimu amadya kapena amathira. Wina anathamangira kunja n'kubwera ndi mchenga wa kumtsinje, Bambo Cataldo n'kumulanda akukuwa. Wachitatu anagwira nsonga imodzi kuti asisite bwino, nsongayo n'kupindika ngati khutu la galu. Siliva sathyoka, amangogonja, koma mfuu umene unamveka m'chipindamo unali ngati munthu wathyoka msana. Dzuwa linakwera. Kadontho kaja kanangokula pang'ono, amuna ali thukuta lokhalokha, ndipo m'maluwa osemedwa zala zawo sizinkalowa n'komwe. Kunja ena anayamba kufuula kuti ngati chisoti sichiwala mawa, Don Onofrio akalowe yekha mumgodi Lolemba.

A Tessari anali chikhalire. Atayang'ana pachifuwa pawo anapeza Zi Liborio, amene anali atadikira galimoto mokwanira, akuwapukuta mabatani ndi mkono wa suti, kuyambira pansi kukwera m'mwamba.

"Lachitatuli mwalidumpha," anatero a Tessari. Kenako anatembenukira kwa Don Onofrio. "Ine wolakwa ndikumuona ndi mwala, ndipo wanyongedwa kale. Mukufunabe dokotala?"

Don Onofrio anayang'ana nsonga yopindika, anamvera phokoso la kunja. "Mutengeni munthu wanu," anatero chapansipansi.

"Makutu anga ndi akale, Don Onofrio," anatero Gna Venera, manja adakali opinda.

"Sapita kulikonse."

"Nanga wakuba uja mwamupeza?"

"Palibe wakuba."

"Kwezani mawu. A kophikira buledi ali panja."

Anakweza. Pamenepo Gna Venera anadzuka, anavula shawelo, n'kunena kuti amuna onse atuluke chifukwa akutchinga kuwala.

Tinapukuta masana onse, ndi timitengo tokulunga thonje m'maluwa muja, mpaka dzuwa linalowa, n'kupitiriza m'mawa kusanache bwino. Ndimu analowa m'ming'alu ya zala, ena tinatuluka magazi. Nsonga ija anaiwongola Gna Venera ndi supuni yamtengo. Lamlungu chisoti chinatuluka chikunyezimira kuposa zaka zonse. Amuna ananyamula chifanizo, anthu anawaombera m'manja, ndipo pa ulaliki Bambo Cataldo anathokoza Don Onofrio ndi bungwe lake chifukwa cha khama lawo. Ife tinali kumbuyo, manja titabisa. Zi Liborio ankayenda pambali pa mlongo wawo, thumba lakumanzere lili lopanda kanthu. Lolemba amuna analowa mumgodi.

Zi Liborio anakhala opanda mwala mpaka mitengo ya amondi itachita maluwa. Kenako m'mawa wina thumba linatupanso.

"Uyu adzapsa, Zi?" anafunsa amuna a pabwalo.

"Ayi. Uyu ndi sulufule basi. Sapita kusukulu, ndi mbuli ngati ine."

"Nanga mukumupukutiranji?"

"Ndiye ndimusiye yekha chifukwa sawala?"

Anakhala zaka zina zambiri. Mgodi unatsekedwa, ng'anjo zinazima, theka la amuna lili kunja. Utsi kulibenso, ndipo tinkayembekeza kuti zinthu ziziwala zokha. Koma chimwalilireni Zi Liborio, mpopi wa pabwalo wachita ndere, sikelo ya nyemba yathimbirira, chogwirira chitseko cha tchalitchi chada ngati mtengo. Anthu amafunsana kuti chachitika n'chiyani. Palibe anawalipirapo ngakhale khofi, ndiye palibe ankadziwa kuti inali ntchito. Powaika m'manda, Gna Venera anawaikira kansanza koyera m'thumba lakumanja, mwala kumanzere. Mayiwo akadalipo, maso afooka, ndipo madzulo ndimapita kukawayatsira nyali.

Kiyi ali m'khosi mwanga tsopano. Chaka chino, chikondwerero chitatha, ndinakulunga chisoti ndekha. Ndisanakhome ndinakung'untha nsalu zonse ziwiri, ndinapisa dzanja m'makona onse a bokosi, monga Gna Venera anandiphunzitsira kuyambira chaka chija. Munalibe ndi kanjere komwe kachikasu. Ndinapisanso kachiwiri, ngakhale ndinkadziwa, ndipo ndinachedwa kutseka.